Kumene Mkazi Wanga Ankapita Lachinayi

1

Palibe munthu pa dziko lino amene angandibisire kanthu. Funsani madalaivala anga, akuuzani. Wina anagulitsa dizilo m'dziko la eni, kutali kwambiri, akuyesa kuti bwana sangadziwe. Pomwe ankalowa pageti la kampani anapeza ndamuwerengera kale malita ake. Wina anasinthanitsa matayala atsopano ndi akutha, n'kuwapaka polishi kuti aziwala. Ndinangowanunkhiza basi.

Ine ndinayamba ndi wilibala yobwereka, ndikunyamula matumba a simenti pamsika. Lero ndili ndi malole oti akaima pamzere, mumatopa kuyenda musanafike kumapeto. Ndagona m'madoko, ndadya zakudya zimene mpaka pano sindidziwa dzina lake, ndanenerera mitengo m'zilankhulo zimene sindimva, ndipo ndapambana. Anzanga amanditcha Kontena. Ena amati n'chifukwa cha ntchito, ena amati n'chifukwa cha mimba. Onse akunena zoona.

Ndiye mkazi wanga atayamba kundibisira kanthu, ndinakatulukira. Ndimalakalaka ndikanalephera.

Mkazi wangayo ndinamupeza akusoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la sitolo, makina ake ali pakati pa wogulitsa nsapato ndi wokonza mawailesi. Ndinamuuza tsiku lomwelo kuti ndidzamukweza ndege. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wilibala yanga, n'kunena kuti, "Yambani mwapopa tayala." Tinakwatirana chaka chomwecho. Ndege anakweradi. Anasanza ulendo wonse, koma anakwera. Ine ndimamutcha Madamu. Pakhomo pathu ine ndine wailesi, iye ndiye kabatani kozimitsira.

Zaka ziwiri zapitazo anamupeza ndi khansa ya m'matumbo akulu. Madokotala anadula chigawo chodwalacho n'kulumikiza thumbo, kenako anamupatsa kemo, mankhwala a m'diripi aja, kwa miyezi ingapo. Atamaliza ndinaitana antchito onse pabwalo la malole, ndinakwera pa tayala, n'kulengeza kuti khansa yalowa nyumba yolakwika. Anaomba m'manja. Ndinawapatsa bonasi.

Kenako Madamu anayamba kutsokomola. Kachifuwa kouma, kopanda chimfine, kosamva uchi ngakhale mankhwala a ku famase.

2

Adokotala a khansa anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Anatembenuza kompyuta kuti tione chithunzi cha m'chifuwa. Mapapo anali akuda, ndipo m'mdimamo munali timadontho toyera, mbali zonse ziwiri.

"Iyi si khansa ya m'mapapo," anatero. "Ndi ija ya m'matumbo. Yayenda ndi magazi, yadzatera kuno."

"Yadutsa malire popanda mapepala," ndinatero kuti tiseke. Palibe anaseka.

Ndinakoka mpando. "Chabwino. Njira zilipo zingati? Ndiuzeni zonse, muyambe ndi yodula kwambiri."

"Njira zilipo, bambo, koma sasankha ndi mtengo. Amasankha ndi chithunzichi."

"Dulani timadonthoto. Munadula kale kamodzi."

"Tikanakhala tiwiri kapena titatu, pamalo ofikirika, tikanadula, ndipo ena amakhala zaka zambiri pambuyo pake. Koma tawerengani nokha. Tikadula ponse pali kadontho, mayiwa apuma ndi chiyani?"

"Ndinamva kuti mumawotcha."

"Timalowetsa singano n'kuwotcha kachotupa, kapena timakalasa ndi cheza champhamvu kuchokera kunja. Koma nazonso zimafuna tochepa, tating'ono. Apa ndi tambiri, ndipo tina tili pakati pa chifuwa, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu."

"Nanga mankhwala atsopano aja, odzutsa chitetezo cha m'thupi? Ndinawaona m'magazini ya mu ndege."

Adokotala anapukusa mutu. "Amagwira bwino kwa anthu ochepa, amene chotupa chawo ndi cha mtundu winawake. Chimene tinadula chija tinachiyeza. Si cha mtundu umenewo."

Ine m'moyo mwanga wogulitsa akati katundu palibe, ndimadziwa kuti ali kuseri, akufuna ndiwonjezere kenakake. Ndinayang'anitsitsa nkhope ya mayiyo kufunafuna kuseri kwake. Kunalibe.

"Chatsala ndi kemo," anapitiriza, "pamodzi ndi mankhwala ena oletsa zotupa kumera mitsempha ya magazi. Koma mumvetse cholinga chake. Tikufuna kuichedwetsa. Kuichotsa yonse, sindingakulonjezeni."

Madamu, amene anali chete nthawi yonseyi, anafunsa, "Kuichedwetsa mpaka liti?"

Pomwepo foni yanga inalira. Lole yatsekeredwa pamalire, mapepala a katundu sakugwirizana. Ndinati pepani, n'kutuluka. Kunena zoona, nkhaniyo mlembi wanga akanatha kuithetsa. Koma m'khonde muja ndinali munthu wodziwa chochita, ndipo ndinakalipa pafoni mpaka mlonda anabwera kudzandipempha kuti nditsitse mawu.

3

Tsiku loyamba la diripi ndinapita nawo. Ndinapereka moni bedi ndi bedi, ndinagawa makadi a kampani, ndinafunsa nesi ngati botolo silingathamangeko nditamugulira chakumwa. Tili m'galimoto pobwerera Madamu anati, "A Kontena, kuyambira lero azindiperekeza ndi mng'ono wanga. Inu muzipita ku malole anu."

Mlamu wangayo ali ndi saluni, ndipo pakamwa pake ndi lumo. "Musadandaule, alamu," anatero. "Tikafuna wogawa makadi tikuimbirani."

Ndiye Lachinayi la sabata yachiwiri iliyonse ankanyamuka awiri pa kagalimoto kakang'ono ka Madamu. Ine ndinatenga nkhondo yanga kupita nayo kunja. Chithunzi cha mapapo ake ndinachitumiza kwa aliyense amene ndinagwiranapo naye chanza kutsidya la nyanja: wogulitsa injini amene mkazi wake ndi nesi, mnzanga wa padoko amene mwana wake amaphunzira udokotala, zipatala zikuluzikulu zokhala ndi akasupe pakhomo. Ena sanayankhe. Amene anayankha ananena zomwe ananena mayi wa magalasi uja, kungoti m'Chingerezi chotalika.

Pakhomo ndinakhazikitsa lamulo: m'nyumba muno sitilankhula za imfa. Mlendo akabwera ndi nkhope yachisoni ndinkamubweza pageti. Ana athu awiri, amene ali kusukulu kutali, ndinkawauza kuti amayi awo akupeza bwino tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndinkatsegula makatani ndi mphamvu n'kufuula, "Madamu, lero bwanji?" Ndipo iye ankayankha, "Bwinoko." Ndinagula makina ofinyira zipatso, mavitamini a mitundu yonse, matiresi ochokera kunja.

Kemo woyamba anafooketsa timadontho tija kwa miyezi ingapo, kenako tinayambanso kukula. Anamusinthira wina. Ameneyo ndiye anamuzunza. M'kamwa munatuluka zilonda moti ngakhale phala linkamuwawa. Tsitsi linatsalira papilo. Ankatha tsiku lonse akuyenda pakati pa bedi ndi chimbudzi, atagwira khoma. Zala zimene zinkalowetsa ulusi m'singano osayang'ana zinkalephera kumanga batani.

Ine ndinkaima pakhomo la chipinda n'kumati, "Ndiye kuti akugwira ntchito amenewo! Limbani, Madamu, muchira!"

Tsiku lina madzulo anandigwira dzanja. "Bambo, khalani pansi. Ndikufuna tikambirane za mankhwalawa."

"Atha? Ndiitanitsa ena."

"Ayi. Ndatopa."

"N'chifukwa chosayenda," ndinatero. M'mawa mwake ndinamubweretsera njinga yolimbitsira thupi, ya m'nyumba, yokhala ndi kawotchi kowerenga kugunda kwa mtima.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikomo."

4

Patapita masabata angapo, zinthu zinasintha. Zilonda za m'kamwa zinapola. Anayamba kudya mazira, kupempha buledi wowonjezera. Kumutu kunamera katsitsi kofewa ngati ka khanda. Tsiku lina ndinamupeza pa makina ake akale akupinda siketi ya mwana wa woyandikana nafe, akung'ung'udza kanyimbo. Chifuwa nacho sichinkamvekanso kwenikweni, ndipo ndinati chikutha.

"Asintha ndondomeko," anandiuza. "Tsopano ndizipita Lachinayi lililonse."

Ndinauza aliyense kuti mankhwala agwira. Ndinatsala pang'ono kukweranso pa tayala.

Tsopano mvetserani mmene ndimagwirira akuba. Lole yanga iliyonse ili ndi kachipangizo kobisika kamene kamandionetsa pafoni pamene ili. Iliyonse ndi kadontho kobiriwira pa mapu. M'kagalimoto ka Madamu ndinaikamonso kalekale poopa akuba, n'kuiwala. Lachinayi lina masana ndikufufuza lole yochedwa, chala chinaterereka, ndipo ndinaona kadontho ka Madamu. Sikanali kuchipatala. Kanali kutsidya kwa njanji, m'dera la nyumba zakale kumene tilibe m'bale ngakhale mnzathu.

Ndinatsegula mbiri ya maulendo. Lachinayi lapitalo, chimodzimodzi. Linzake, chimodzimodzi. Galimoto inkaima pachipatala kanthawi kochepa, koti diripi singathe ngakhale theka, kenako inkapita pa nyumba imodzimodziyo n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka.

Sabata yotsatira ndinabwereka galimoto yakutha ya makaniko wanga, ndinavala chipewa, n'kukaima pansi pa mtengo moyang'anana ndi nyumbayo. Munthu wa thupi langa kubisala m'kagalimoto kotero, chiwongolero chinkandidinda pamimba. Nyumbayo inali ya mpanda wachikasu, geti labuluu, yopanda chikwangwani chilichonse. Pachingwe panali nsalu zapabedi zambirimbiri.

Kagalimoto kanafika. M'nyumbamo munatuluka mwamuna wamtali, wocheperapo kwa ine ndi zaka khumi kapena kuposa, malaya atapinda m'mikono, wopanda mimba ngakhale pang'ono. Anatsegula chitseko cha Madamu. Mkazi wanga anakoleka dzanja lake pamkono wa munthuyo n'kumutsamira. Mwamunayo anawerama n'kumuuza kanthu, ndipo Madamu anaseka. Anaseka mpaka kupinda msana, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chaka chathunthu. Mlamu wanga ankabwera pambuyo atanyamula pilo ndi kachikwama.

Pilo, abale anga.

Ndinapsa mtima, inde. Koma popeza ndalonjeza kuulula zonse, pansi pa mkwiyowo panali chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Mtima wanga unapepuka. Mwamuna mnzanga ndingathe kumumenya, kumugula, kumuthamangitsa m'tauni. Kwa nthawi yoyamba chichokereni m'chipinda cha adokotala chija, ndinali ndi mdani wokhala ndi nkhope ndi geti.

Madzulo ndinamufunsa, "Diripi yayenda bwanji?"

"Monga mwa masiku onse," anayankha, osandiyang'ana.

5

Sindinafune kuti mawa adzati Kontena wapeka nkhani. Ndinafuna mboni, ndipo ndinasankha yolemera kwambiri: achimwene ake a Madamu, amene anamulera makolo awo atamwalira. Ndi mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu wovala tayi ngakhale pothirira maluwa.

"Mchemwali wanga?" anatero nditawafotokozera. "Wodwala uja? Alamu, mwayamba kumwa masana?"

Ndinawaonetsa mapu. Ndinawaonetsa masiku. Ndinawauza za pilo.

Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Ndipita nanu. Koma mukalankhule ngati munthu wamkulu."

Ndinalonjeza. Lachinayi litafika tinadikira mpaka kadontho kataima pamalo paja, ndipo tinapita pa galimoto yanga yaikulu, kuti dera lonse lidziwe kuti kwabwera ndani.

Lonjezo langa linathera pageti. Nditangoona kagalimoto ka Madamu pamthunzi, magazi anakwera kumutu. Ndinayamba kufuula ndili pabwalo. Ndinati mwini nyumba atuluke ngati ndi mwamuna. Ndinati ine ndikugula mankhwala odula kuti mkazi wanga achire, wina n'kumadyerera. Kenako ndinamutchula mkazi wanga dzina limene sindingalilembe m'magazini ino. Ndinalitchula kawiri, achimwene ake ali pambali panga.

Anthu anayamba kusuzumira pampanda. Ena anakweza mafoni n'kuyamba kujambula.

Mayi wina amene ankachapa kuseri anathamanga, manja ali thovu lokhalokha. "Bambo, chonde, muli anthu akugona!"

"Ndikudziwa kuti akugona!" ndinakuwa, n'kumudutsa.

M'khonde munali zitseko zitatu. Pa chachiwiri panali nsapato za Madamu, zofiirira zija ndinamugulira pa bwalo la ndege, zitaikidwa bwinobwino pambali. Ndinakankha. Chinali chokoleka m'kati. Achimwene ake aja anandigwira phewa, koma ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuchiponda ndi mwendo. Chinathyoka pa mahinjesi n'kugwera m'kati.

6

M'chipindamo munali mabedi atatu.

Pa bedi la pawindo panali mkazi wanga, atagona chammbali, atatsamira mapilo, timachubu tiwiri tili m'mphuno. Timachubuto tinkachokera ku makina a mpweya amene ankalira pakona. Mlamu wanga anali kumapazi akumusisita miyendo. Mwamuna wamtali uja anali chiimire ndi kabotolo ka mankhwala amadzi, akuyeza mlingo wake. Pa bedi lachiwiri panali mtsikana woonda kwambiri amene anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Pa lachitatu panali mdala wina, mafupa okhaokha, amene anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mwana wanga," anatero mdalayo, "ngati ndiwe imfa, bedi langa ndi lino. Koma ukanagogoda."

Mlamu wanga sanasiye kusisita. "Mwapeza, alamu? Chibwenzi chake ndi icho chikulira pakonacho. Chimenyeni, koma musazule waya."

Mwamunayo anaika kabotolo patebulo, napita kukatonthoza mtsikana uja, kenako anatembenukira kwa ine. "Ndine nesi, bambo. M'nyumba muno timasamalira odwala amene matenda awo afika posachiritsika. Timachepetsa ululu, timathandiza kupuma. Ena amagona konkuno, ena amabwera masana okha."

"Nanga bwanji mulibe chikwangwani?" Ndi zokhazo zimene ndinapeza m'kamwa mwanga.

"Chinalipo. Eni nyumba zoyandikana anadandaula kuti chikuthawitsa anthu a lendi."

Kumbuyo kwanga ndinamva nsapato za achimwene ake zikutuluka pang'onopang'ono. Sananene kanthu kwa ine, tsiku limenelo ngakhale mwezi wotsatira.

Madamu anakweza dzanja. Nesi anakoka katani kuzungulira bedi, ndipo tinatsala awiri. Panalibe mpando, choncho ndinagwada pa simenti.

"Kemo ndinasiya," anatero. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, akupumira pakati. "Miyezi iwiri yapitayo. Kuchipatala ndimangopita kukatenga mankhwala a ululu."

"Ndani anakuuzani kuti musiye? Dokotala uja? Ndikamusumira!"

"Ndinasankha ndekha. Kemo wachiwiri uja nayenso analephera, timadontho tinakula ndili pa diripi pomwepo. Adokotala anati kwatsala mapiritsi ena, mwina angawonjezere masabata, mwina miyezi ingapo, koma ndi zilonda zomwe zija ndi kutsegula m'mimba komwe kuja. Ndinafunsa kuti miyezi imeneyo ndidzaikhala kuchimbudzi kapena pakhonde. Anati sangadziwe. Ndinasankha pakhonde."

"Koma mukuchira! Mukudya, tsitsi lamera!"

"Ndi mankhwala amene achoka m'thupi, bambo. Matenda sanachoke."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinayesa. Munandigulira njinga."

Ndinatsegula pakamwa, koma anandiyang'ana mwa njira ija, ndipo ndinatseka.

"Kunyumba kwanu ndimagwira ntchito yochira, kuyambira m'mawa mpaka kugona. Mukatsegula makatani ndimakhala nditakonza kale nkhope. Ndimakatsokomolera kubafa, mpopi uli wotsegula, kuti musamve. Mipango ya magazi amakachapa mng'ono wanga kusaluni. Mukandiyang'ana mumakhala ngati mwana amene akudikira kuti amuuze kuti wakhoza mayeso, ndiye ndimakuuzani kuti mwakhoza. Zimatopetsa kuposa kemo." Anapuma kanthawi. "Kuno ndimabwera kudzadwala. Kamodzi pa sabata ndimavala mpweya wanga, ndimatsokomola mmene ndingafunire, ndimagona osamwetulira munthu."

Maondo anayamba kuwawa, koma sindinasunthe. Chinthu chimodzi chinkandilumabe.

"Nanga kuseka kuja? Pageti, sabata yatha. Ndinakuonani."

"Munalipo?" Anatsala pang'ono kusekanso, koma chifuwa chinamugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachimva chonse, mmene chinalili, chochokera pansi penipeni. Chitatha anapukuta pakamwa. "Anandifunsa ngati ndachita chimbudzi sabata imeneyo. Mankhwala a ululuwa amamanga m'mimba. Ndinati ayi. Ndiye ndinaseka, chifukwa chaka chonse palibe anandifunsa funso limene ndikanaloledwa kuyankha kuti ayi."

Ndinaika chipumi pa chitsulo cha bedi. "Madamu, ndikhululukireni."

"Dzina mwanditchula lija, mukapepese kwa achimwene, ndi amene lawapweteka. Ine ndilibe nthawi yosunga zimenezo. Koma mwandibera tulo ta masana ano, ndipo masana ndilibe ambiri. Amenewo mundibwezera."

"Nenani mtengo."

"Lachinayi likubwerali mundibweretse ndinu. Mukhale apo kuyambira ndikagona mpaka ndikadzuke. Opanda foni. Osalankhula. Makamaka osanena kuti ndichira."

7

Kanema wa pabwalo uja anazungulira tauni yonse dzuwa lisanalowe. Madalaivala anga anamuonera ali pamalire. Ana athu anamuona ali kusukulu, n'kufunsa kuti nyumbayo ndi yotani, ndipo umo ndi mmene anadziwira kuti amayi awo sakuchira. Wamkulu anandiimbira akulira, n'kufunsa kuti, "Adadi, ndiye mumatinamiza?"

M'mawa mwake ndinali pakhomo la adokotala a magalasi aja asanafike n'komwe. Sindinapite kukasuma. Ndinapita kukapempha.

"Tiyambirenso," ndinatero. "Kudula."

"Tachuluka kuposa kale."

"Kuwotcha."

"Kachotupa kamodzi kakadzatseka njira ya mpweya kapena kutulutsa magazi ambiri, tidzakalasa ndi cheza kuti apeze mpumulo. Koma si kuchiritsa."

"Kunja. Ndili ndi ndalama, adokotala. Ndigulitsa malole onse."

"Munatumiza kale zithunzi kunja. Anakuyankhani chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mapiritsi aja alipo," anatero mofatsa. "Akawafuna mawa, ndilemba. Ena amawafuna, ndipo salakwa. Iwo sakuwafuna, ndipo sakulakwa. Thupi ndi lawo."

"Ndiye ine nditani?"

"Makina a mpweya akhale kunyumba, asamachite kuwapitira kutsidya kwa njanji. Mankhwala a ululu azimwa pa nthawi yake, poyera, osati mobisa. Ana abwere. Zotsalazo afunseni eni ake, ndipo mudikire yankho."

Ndinatuluka m'chipatalamo ndi manja ali lende. Pamalo oimika magalimoto ndinakhala m'galimoto yanga yaikulu ija, injini ili chizimire, osadziwa koti ndipite. Mafoni anga onse awiri ankalira. Panalibe ngakhale imodzi imene ikanandiuza kuti katundu wapezeka.

Kwa nesi ndinapita ndi kalipentala ndi chitseko chatsopano. Ndinamuuza kuti ndimanga chipinda china, ndigula ambulansi, ndilemba dzina la kampani pampanda. Anati, "Tikambirana, bambo. Panopa tangogwirani chitsekochi kuti amange mahinjesi." Ndinagwira.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amuna anzanga odziwa kupeza zinthu, sindikukuuzani kuti musiye kufunafuna mankhwala. Funsani njira zonse, ndipo funsani msanga, chifukwa alipo amene timadontho tawo timadulika n'kukhala zaka. Koma dokotala akamayankha funso la wodwala wanu, foni ilire mpaka itope. Ine ndinkayesa kuti ndikumulimbitsa mtima mkazi wanga, pamene ndinkamugwiritsa ntchito yolimbitsa mtima wanga. Ndinamusiya yekha ndi matenda ake m'nyumba yodzaza ndi mawu anga, mpaka anakafuna kodwalira kwa anthu achilendo. Pamene ndikulemba izi ali m'chipinda chinachi, makina akulira pambali pake. Sakudyanso mazira. Sindikudziwa ngati magaziniyi idzatuluka iye akadalipo, ndipo palibe chimene ndingachite.

Lachinayi lija ndinamutenga ndine. Mafoni ndinawasiya m'galimoto. Nesi anandipatsa kampando kapulasitiki kamene miyendo yake inatambasuka nditangokhalapo. Madamu anavala timachubu take, anatembenukira kuwindo, n'kutseka maso.

Sindinadziwe kuti masana amatalika chonchi. Ndinamva mpweya ukulowa mwa iye movutikira, ngati ukudutsa pa kabowo. Pakati pa tulo chifuwa chinamudzutsa, ndipo pampango panatsala magazi. Mawu aja akuti muchira anakwera okha mpaka pakhosi. Ndinawameza. Ndinatenga mpangowo, ndinamupatsa wina woyera, n'kumugwira msana mpaka chitadutsa.

"Ndikuopa," ananong'ona, maso ali chitsekere.

Lilime langa linkayabwa ndi mayankho. Ndinangomufinya dzanja. Patapita kanthawi dzanjalo linalefuka, ndipo anagonanso.

Anadzuka dzuwa litafika pa phazi la bedi. Anandiyang'ana ngati wadabwa kuti ndikadalipo.

"Mwalankhula?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndine mboni, mayi," anatero mdala wa bedi lachitatu. "Anatsegula pakamwa kangapo ngati nsomba, koma sipanatuluke kanthu."

Madamu anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kuwerenga ndi zala zake zofooka zija. "Ndiye ngongole yatha," anatero. "Tiyeni kwathu. Ndikufuna ndikatsokomole pabalaza."

Anali maola anayi. Ndinalipira onse, osanenerera.